A André Citroën, galimoto imene inawamiza, ndi Peugeot ya ku Mkanda

Aliyense amene wakwerapo Sienta kapena Vitz kuchoka pa boma la Mchinji kupita ku Mkanda wakwerapo nzeru imene munthu wina anaikirapo chuma chake chonse mu 1934, chumacho n'kupita, iyenso n'kumwalira chaka chotsatira. Munthuyo ndi a André Citroën a ku France. Ndikufuna ndilongosole mbiri yawo pano chifukwa ndikuona kuti ikukhudza anzanga a geni amene akuganiza zokatenga ngongole ya galimoto, komanso ana asukulu amene amaganiza kuti munthu akakhala ndi mutu wogwira ndiye kuti basi walemera.

A Citroën anabadwira ku Paris pa 5 February 1878, ali chitsirizira m'banja la ana asanu. Bambo awo anali Myuda wochokera ku Amsterdam, wogulitsa miyala ya dayamondi, pamene mayi awo anali a ku Warsaw m'dziko la Poland. Dzina lakuti Citroën lili ndi kankhani kake: makolo awo akale ankagulitsa zipatso, ndipo dzinalo limatanthauza ndimu. Tingoti banja la wogulitsa mandimu pa msika, monga amayi aja amayala matimati pa Mkanda tsiku la msika. Malonda a dayamondi atasokonekera, bambo awo anadzipha mu 1884, André ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Mayi awo anatsatira mu 1899. Mfundo ya bambo awoyi muisunge, chifukwa ngongole inalowa m'banja limeneli kawiri.

Sukulu ankaikhoza. Anaphunzira pa École Polytechnique, sukulu ya mainjiniya imene ku France amaipatsa ulemu kwambiri, n'kumaliza mu 1900. Chaka chomwecho anapita kukacheza kwa abale a mayi awo ku Poland, ndipo kumeneko anaona magiya okhala ndi mano opindika ngati chilembo cha V. Amakaniko amvetsa msanga ubwino wake. Giya ya mano owongoka imalira ndipo imalumana mwankhanza. Ya mano opendekeka imalumana bwino koma imakankhira shafiti cham'mbali. Mukaika mano opendekeka mbali ziwiri zotsutsana, kukankhana kuja kumathetsana, giya n'kumayenda mwakachetechete itasenza mphamvu yochuluka. A Citroën anagula chilolezo cha nzeru imeneyi, nabwerera ku Paris kukatsegula fakitale yodula magiya otere pa chitsulo. Zizindikiro ziwiri zija zonga mivi zimene zili kutsogolo kwa galimoto ya Citroën mpaka lero ndi mano a giya imeneyo.

Taonani kuti giyayo sanaitulukire ndi iwo. Anaiona kwa eni ake, naona ndalama imene eni akewo sankaiona. Moyo wawo wonse unayenda choncho. Mu 1908 anaitanidwa kukadzutsa kampani ya galimoto ya Mors imene inali itagwada, ndipo m'zaka zochepa inachoka pa galimoto 125 pa chaka kufika pa 1,200. Anapitanso ku America kukaona mmene a Henry Ford ankapangira galimoto pa mzere, wantchito aliyense ali ndi kantchito kake kamodzi, galimoto ikudutsa pamaso pake.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi imene inawalemeretsa, tisabise. Mkulu wawo Bernard anafera ku nkhondoko mu 1914. Mu 1915 a Citroën anauza boma la France kuti angathe kupanga zipolopolo za mizinga zambiri kuposa wina aliyense, ndipo anamanga fakitale pa Quai de Javel m'mphepete mwa mtsinje wa Seine. Pofika kumapeto kwa nkhondo fakitaleyo inali itatulutsa zipolopolo zoposa 20 miliyoni. Antchito ambiri anali amayi, poti amuna anali kunkhondo, ndipo anawamangira kodyera ndi kosungirako makanda. Ena amawatama nazo zimenezi. Ine ndimangoti munthu wofuna kuti makina asaime amaonetsetsa kuti woyendetsa makinawo wadya.

Nkhondo itatha, fakitale ya zipolopolo inasanduka ya galimoto. Mu 1919 inatuluka Type A, galimoto yoyamba ku Ulaya kupangidwa mochuluka pa mzere ngati za Ford. Masiku amenewo munthu ukagula galimoto unkagula injini ndi chesesi, bodi n'kukapangitsa kwina. A Citroën ankagulitsa yathunthu, ya nyali zamagetsi, sitata ndi teyala la sipeya. Anakhazikitsa ogulitsa m'matauni, anayambitsa zogula galimoto pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, anaika zikwangwani za m'misewu zokhala ndi dzina lawo, mpaka ankapanga tigalimoto toseweretsa ana kuti mwana akule akulidziwa dzinalo. Kuyambira 1925 mpaka 1934 dzina lakuti Citroën linkawala usiku pa nsanja ya Eiffel ndi mababu pafupifupi 250,000. Pa kutsatsa malonda mkulu ameneyu analibe mnzake.

Kutsatsa komweko ndi kumene kunafikitsa galimoto zawo kuno kwathu, ndipo ambiri sitidziwa. Chakumapeto kwa 1922 galimoto zawo za mateyala kutsogolo ndi malamba onga a kasinja kumbuyo zinadutsa chipululu cha Sahara mpaka ku Timbuktu. Ataona kuti zatheka, anakonza ulendo waukulu umene Afalansa amautcha Croisière Noire. Galimoto zisanu ndi zitatu zinanyamuka ku Colomb-Béchar m'dziko la Algeria pa 28 October 1924, motsogozedwa ndi a Georges-Marie Haardt ndi a Louis Audouin-Dubreuil. Zinadutsa Niger, Chad ndi Congo, ndipo zitafika ku Uganda zinagawikana magulu anayi: lina ku Mombasa, lina ku Dar es Salaam, lina mpaka ku Cape Town, ndipo gulu la a Haardt eni ake linatsikira ku nyanja yathu ino, imene pa nthawiyo inkatchedwa Nyasa, n'kukatulukira ku gombe la Mozambique. Ambiri a iwo anakakumana ku Tananarive, pa chilumba cha Madagascar, mu June 1925. Pamenepo n'kuti Mchinji akutchedwa Fort Manning, Chipata ali Fort Jameson.

Filimu ya ulendowu inaonetsedwa ku Paris mu 1926 ndipo anthu anaikonda. Mayina a azungu onse a pa ulendowo analembedwa, ngakhale galimoto iliyonse inali ndi dzina lake. Anthu akuda amene analambula msewu m'nkhalango za Congo, amene analumikiza mabwato kuti galimoto ziwoloke mitsinje, amene anakoka zingwe pamene injini yalephera, anangokhala chigulu cha m'chithunzi. Wina akamakuuzani kuti galimoto za Citroën zinagonjetsa Africa, mufunseni kuti pa matope ankakankha ndani.

Pofika 1929 fakitale ya ku Javel inkatulutsa galimoto zoposa 100,000 pa chaka, kuposa kampani ina iliyonse ku Ulaya. Koma ndalama sizinkagona m'thumba. A Citroën ankadziwika ku nyumba za njuga za ku Deauville, kumene ankabetcha ndalama zoopsa usiku umodzi, ndipo kampani ankaiyendetsanso ngati tebulo la njuga. Phindu likabwera ankagulira makina atsopano, akasowa ankakongola. Chuma cha dziko lonse chitagwa kuyambira 1929, anzawo anamanga lamba, iwo anatumiza ulendo wina wodula kuchoka ku Beirut mpaka ku Beijing mu 1931 ndi 1932, ulendo umene a Haardt anamwalira atangoumaliza. Mu 1933 anafuna kudula malipiro a antchito, antchitowo n'kunyanyala kwa milungu ingapo. Chaka chomwecho, poona kuti mdani wawo pa malonda, a Louis Renault, amanga fakitale yamakono, anagumula mbali yaikulu ya Javel n'kuimanganso m'miyezi yochepa, natsegulira ndi phwando la anthu masauzande. Zonsezi pa ngongole.

Tsono kuti abweze ngongolezo anafunika galimoto imene ikanasiya ena onse m'mbuyo. Analemba ntchito injiniya wachinyamata, a André Lefèbvre, ndipo maonekedwe a bodi anawapanga ndi a Flaminio Bertoni, Mtaliyana wosemasema. M'miyezi pafupifupi 18 anatulutsa Traction Avant, dzina limene limangotanthauza kukokera kutsogolo. Inaonetsedwa mu April 1934.

Kuti mumvetse chimene chinali chachilendo, ganizani za galimoto za nthawi imeneyo ngati ngolo: chesesi ya zitsulo ziwiri zazitali pansi, bodi yokhomeredwa pamwamba, injini kutsogolo, shafiti yaitali yopititsa mphamvu ku mateyala akumbuyo. Traction Avant inataya zonsezi. Bodi yokha, yowotcheredwa kukhala chinthu chimodzi, ndiyo inkasenza zonse popanda chesesi yapadera. Injini inkazunguza mateyala akutsogolo, omwewo okhotera. Poti pansi panalibe shafiti, galimoto inatsika, mkati munakhala malo, ndipo pa kona inkagwira msewu mosagwedezeka. Inalinso ndi mabuleki a mafuta, pamene ambiri ankadalirabe mawaya ndi ndodo. A Citroën sanali oyamba pa chilichonse mwa izi, makampani ena monga DKW ku Germany ndi Cord ku America anali atagulitsapo kale galimoto zokokera kutsogolo. Chimene anachita iwo n'kusonkhanitsa zonsezi m'galimoto imodzi ya munthu wamba n'kuipanga mochuluka.

Koma anaithamangitsa. Giyabokosi yodzisintha yokha imene ankafuna inalephera pa mayeso, ndipo anapanga ina ya magiya atatu mwachangu. Galimoto zoyamba zinafika kwa ogula zisanapse: mashafiti akutsogolo ankavuta, zina n'kumabwerera ku galaja. Nanga okongoza ndalama amadikira kuti mukonze? Mu December 1934 nkhani inafika ku khoti, kampani inagwa, ndipo a Michelin opanga mateyala, amene kampaniyo inali nawo ngongole yaikulu kuposa onse, anaitenga. A Citroën anatuluka m'fakitale yokhala ndi dzina lawo lomwe. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 3 July 1935, ali ndi zaka 57, ndipo anaikidwa m'manda a Montparnasse ku Paris.

Chowawa n'chakuti galimotoyo inali yabwino. A Michelin atakonza zolakwika zija, Traction Avant inapangidwa mpaka 1957, zaka 23, ndipo zinatuluka pafupifupi 760,000. Phindu la nzeru ya a Citroën linadyedwa ndi wogulitsa mateyala.

Tsopano tiiyike pambali pa galimoto ina ya ku France imene akuluakulu a ku Mkanda, Kapiri ndi Kamwendo amaidziwa ngati mbale wawo: Peugeot 504, imene pakamwa timangoti Pijo. Iyi inatuluka mu 1968, patapita zaka 34 chitulukire Traction Avant, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Munthu angayembekeze kuti galimoto yobwera mochedwa chonchi ikhala patsogolo pa zonse. Ayi ndithu. Bodi yowotcherera pamodzi ija inaitengera, mabuleki ndi injini zinali zamakono, koma pa nkhani ya kukoka inatsalira dala pa njira yakale: injini kutsogolo, shafiti pansi, mphamvu ku mateyala akumbuyo.

Banja la Peugeot linali la mtima wina. Anayamba mu 1810 ndi kusula zitsulo, n'kumapanga macheka, zopera khofi ndi tsabola, kenako njinga, galimoto n'kubwera pambuyo. Anali anthu osintha chinthu pokhapokha chakale chatha ntchito, ndipo sankakonda kuthamangira ku banki. Pa nsanja ya Eiffel sanalembepo dzina. Dzina lawo linalembedwa m'matope a East African Safari, mpikisano wa galimoto wa ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, umene Peugeot 404, mkulu wake wa 504, inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Nayo 504 inapambana mpikisanowu mu 1975, woyendetsa ali a Ove Andersson a ku Sweden. Ku Ulaya galimoto zonyamula anthu za 504 zinasiya kupangidwa mu 1983, koma ku Kenya anapitiriza kuzimanga mpaka 2004, ku Kaduna m'dziko la Nigeria n'kupitirirabe pang'ono. Africa ndiye anaikana kuti isafe.

Chifukwa chake sichovuta kwa munthu amene wanyamulapo mtedza kapena mabelo a fodya pa msewu wa dothi mwezi wa February. Galimoto imagwira nthaka ndi mateyala amene alemedwa. Mukaika matumba khumi kumbuyo kwa pikiapu ya 504, kulemera konse kumatsikira pa mateyala omwe akukankha, ndipo pa chitunda choterera imakwera ikung'ung'udza. Chitani zomwezo ndi galimoto yokokera kutsogolo: kumbuyo kumakhala pansi, mphuno imadzuka, mateyala okoka amapepuka n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi akumwaza matope kwa okankha. Onjezani kuti 504 inali yotalikira kuchoka pansi, masipuling'i ake ankameza mabampu, ndipo injini yake makaniko wa pansi pa mtengo ankaimasula ndi masipanala wamba. Ndinakwerapo ya mipando mizere itatu ija, tili anthu oposa chiwerengero chake, nkhuku kumiyendo, thumba la chimanga padenga, koma inkayenda ngati sikumva kanthu.

Traction Avant inapangidwira misewu ya ku France ndi munthu wofuna kuthamanga mosatekeseka pa kona. Kutsika kwake kumene kunkaikometsa ku Paris kukanaikhazika pa mimba pa mtunda wa pakati pa msewu wa ngolo wopita ku midzi ya kumalire. Ndipo mfundo zolumikizira mashafiti akutsogolo, zimene zimayenera kukoka ndi kukhota nthawi imodzi, ndi zomwe zimayamba kulira fumbi ndi madzi zikalowa. Eni ma Sienta akudziwa kaphokoso kaja ka kwete-kwete pokhota, labala ikang'ambika. Matenda amenewo ndi a m'banja, anachokera kwa agogo ake a 1934.

Ndiye tinene kuti Peugeot inapambana? Pa msewu wa ku Mkanda m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, eya. Koma yang'anani pa depoti lero. Ma 504 atsala owerengeka, ena asanduka makola a nkhuku kuseri kwa magalaja, ndipo galimoto zazing'ono zimene zimabwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, zambiri mwa izo n'zokokera kutsogolo, bodi yopanda chesesi. Makampani anatsata njira ya a Citroën chifukwa galimoto yotere imapepuka, imamwa mafuta pang'ono ndipo imatsika mtengo poipanga. Ngakhale a Peugeot eni ake anayamba kupanga zokokera kutsogolo mu 1965 ndi kagalimoto ka 204. Pamene njira yakale yatsalira ndi pa ntchito ya katundu: Hilux, Canter ndi malole onse opita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma akadali ndi chesesi, akadakankhira kumbuyo. Vuto lathu n'lakuti timagula galimoto ya mtundu wa Traction Avant n'kumaigwiritsa ntchito ya 504. Sienta inapangidwira banja la ku Osaka lopita kokagula zinthu, ife timaisenzetsa soya, kenako timadabwa kuti mashoka atha miyezi itatu ngongole ya ku banki mkhonde isanafike ndi pakati pomwe.

Pa a Citroën eni ake, ine sindigwirizana ndi amene amangowatcha munthu wa njuga amene analandira zomuyenera. Popanda kulimba mtima kwawo galimoto ya munthu wamba ikanachedwa kufika pamene yafikapa. Komanso sindigwirizana ndi amene amawasandutsa woyera wophedwa ndi mabanki. Fakitale ya 1933 ija anaimanga pofuna kuposa a Renault, nthawi imene ogula analibe ndalama, ndipo pamene galimoto yeniyeni yowapulumutsa inafika m'thumba munalibe kanthu kodikirira miyezi isanu ndi umodzi kuti ikonzedwe bwino. Wa geni aliyense amene anamangapo sitolo ya galasi ndi ndalama ya katapila, katundu wa m'mashelefu asanagule, akudziwa malo amene a Citroën anaima mu December 1934.

Kampaniyo khalidwe la mwini wake silinaichoke. Pansi pa a Michelin inatulutsa 2CV mu 1948, kagalimoto ka alimi kotsika mtengo, ndi DS mu 1955, imene inkadzikweza ndi kudzitsitsa yokha ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa, ntchito ya a Lefèbvre ndi a Bertoni omwe aja. Kenako inagula kampani ya Maserati mu 1968, inathira ndalama zambiri pa injini ya mtundu watsopano imene sinapindule, ndipo mitengo ya mafuta itakwera mu 1973 inagwadanso kachiwiri. Ulendo uno amene anabwera kudzaitola anali a Peugeot, a macheka ndi zopera tsabola aja. Anayamba kugula magawo mu 1974, ndipo pofika 1976 Citroën inali m'manja mwawo. Kuyambira 2021 mayina awiriwa ali pansi pa kampani imodzi yaikulu yotchedwa Stellantis, pamodzi ndi Fiat ndi Jeep. Fakitale ya ku Javel inagumulidwa, ndipo pamalopo anatsegulapo paki mu 1992, imene anaitcha dzina la a André Citroën.